Tsiku Limene Matayala Anga Anasiyana Maganizo

Anzanga, mukadzakwera galimoto yanga mudzaona kabotolo ka mtedza kali kutsogolo pafupi ndi galasi. Chonde musadzadye, ndipo musadzafunse akazi anga, mayi a Tadala, kuti n'ka chiyani, chifukwa iwo akayamba kufotokoza amaimirira n'kumachita kuonetsa ndi manja. Kuli bwino ndikuuzeni ndekha, mwini wake manyazi, asodzi a kudoko asanakuthirireni mchere wawo.

Choyamba mudziwe kuti ine ndine mphunzitsi wa masamu. Chimenechi muchisunge bwino, chifunika kutsogoloku. Zaka zonsezi ndakhala ndikukalipira ana a eni ake kuti mitu yawo ndi yoboola, nambala ikalowa uku imatulukira uko.

Galimoto imene ndikunenayi ndi yakale, ya fowilo, zija zokoka ndi matayala onse anayi. Anandisiyira ndi malemu amalume amene ankapikula nsomba. Anthu kuno kunyanja anaitcha Mvuu, chifukwa ndi yaikulu, yotuwa, ndipo ikamadzuka m'mawa mudzi wonse umadziwa. Koma pamchenga, eee, palibe inzake.

Tsono Mvuuyo inayamba ugonthi. Ukapotoza chiwongolero, matayala amamva mochedwa, amayamba aganiza kaye, ndipo ukaponda kadzenje kumamveka gogodo gogodo kutsogolo. Ndinapita nayo kwa a Yusufu, makaniko wa kudoko amene amakonza injini za maboti ndi galimoto zomwe. Iwo anangogwira tayala, kuligwedeza kawiri, basi.

"Aphunzitsi, matayilodi endi atha onse awiri," anatero. Amanena timfundo tachitsulo timene timalumikiza chiwongolero ndi matayala, kena kumanzere kena kumanja. "Kagulenitu ku boma. Mubwere nayo Lachisanu masana ndikachoka ku mapemphero a Juma kumzikiti, Inshallah tikonza."

Vuto linali loti Loweruka lake kunali ukwati wa mlamu wanga Esnati, mng'ono wawo wa mayi a Tadala, mwana amene anakulira m'nyumba mwathu momwe. Msewu wochoka kwathu kupita kutchalitchi ndi mchenga wokhawokha, timagalimoto tating'ono timangomira. Abusanso anali atanenetsa kuti ukwati ndi naini koloko, ikangokwana teni iwo akwera njinga yawo yamoto wa ku Chitala kumene kunali ukwati wina, ndipo wochedwa adzaona yekha chochita. Ndiye pamsonkhano wa banja, ndani anaimirira n'kudziguguda pachifuwa? Ine. Ndinati, "Za mkwatibwi musagone nazo m'maso. Hafu eyiti adzakhala ali pakhomo la tchalitchi, ndikulonjeza ndine."

Amayi a zokongoletsa anali atanena kuti galimoto akuifuna Lachisanu lomwelo masana kuti aimange maliboni. Ndiye ndinawauza a Yusufu kuti asavutike, ndikonza ndekha m'mawa, ndinaonera pafoni mmene amachitira, mzungu wake anamaliza mphindi sikisi zokha.

A Yusufu anaika sipanala pansi. Kenaka anati, "Chabwino. Koma chinthu chimodzi chokha, aphunzitsi. Pomasula chakalecho muziwerenga kuti chazungulira kangati. Chikatuluka pa teni, chatsopano chilowenso teni. Mukaphonya pamenepo matayala sagwirizana."

Anzanga inu, ndinapsa mtima. Kuwerenga? Munthu akundiuza ine za kuwerenga? Ndinaseka n'kunena kuti, "A Yusufu, kuwerenga ndiye kumandidyetsa." Iwo anangoti, "Alhamdulillah," n'kubwerera ku injini yawo.

Lachisanu m'mawa ndinaimika Mvuu pansi pa mtengo wa mango pabwalo pathu. Ndinavula malaya, n'kuvala kabudula wanga wa kudimba uja wong'ambika kumbuyo, chifukwa mmisiri weniweni savala zabwino. Mayi a Tadala anatuluka n'kufunsa ngati pali choti andigwirire. Ndinawayankha mawu amene mpaka lero ndimawalota. Ndinati, "Inu onani za kukhitchini, za galimoto n'za amuna."

"Chabwino, bambo a Tadala," anatero mofatsa kwambiri. Kufatsa kumeneko kukanandichenjeza, koma ine ndinali nditayamba kale kuimba kamluzu.

Ndinaika jeke, ndikupopa, ndikupopa, galimoto osakwera. Kusuzumira, jeke ndi amene akutsika, akulowa mumchenga mwakachetechete. Mzungu wa pafoni uja anali pa simenti, za mchenga sananene. Ndinamukumba jekeyo ndi manja, n'kuyang'ana uku ndi uku, n'kuona mabenchi amene tinabwereka kutchalitchi kuti alendo a ukwati adzakhalire. Ndinagoneka imodzi chadodolido n'kuikapo jeke. Inalira ndithu benchiyo, koma inapirira, ndipo mpaka pano akulu a mpingo sadziwa chimene chinaboola pakati pake.

Tayala la kumanzere ndinachotsa. Kamfundo kakale kanakana kutuluka, ndinakamenya ndi hamala kasanu, kachisanu ndi chimodzi ndinamenya chala changa. Ndinavina pabwalo paja popanda ng'oma, chala chili m'kamwa, girisi ndi mchenga zomwe. Koma pomaliza kanagonja, ndipo nthawi ya masamu inakwana. Ndinagona chagada pansi pa galimoto, n'kuyamba kupotoza.

Wani. Thuu. Fili. Folo.

"Mwadzuka bwanji, aphunzitsi?"

Apa ndiye pamene panagona tsoka langa. Bwalo lathu lili m'mbali mwa njira yopita kudoko, ndipo m'mawa mudzi wonse umadutsa pomwepo. Amene anandipatsa moniwo anali mkulu wa mpingo, munthu wa imvi zake. Tsono mungakhale chete munthu wamkulu akukupatsani moni? Pofika masana nkhani ikhala itafika ku Khombedza kuti aphunzitsi anayamba kunyada chifukwa cha galimoto ya masiye.

"Tadzuka bwino, kaya inu abambo?"

"Ifenso tadzuka. Nanga kunyumba kuno? Ana? Amayi mwendo uja unapola? Zokonzekera zili pati? Kodi mwaipha kapena mukuidzutsa?"

Ndinayankha zonse, chimodzichimodzi, mwaulemu wake. Atachoka ndinabwerera ku chitsulo changa. Ndinali pa folo kapena pa faifi? Ndinabweza mpaka pa nati yotsekera imene inkasonyeza malire, n'kuyambiranso.

Wani. Thuu. Fili. Ndinafika pa naini.

"Salaam aleikum, aphunzitsi!" Asodzi atatu akuchokera kunyanja, nkhafi zili paphewa. Moni wa anthu atatu suyankhidwa kamodzi, aliyense amafuna wakewake, ndipo aliyense anali ndi maganizo ake pa matenda a Mvuu. Wina anati ndi mafuta, wina anati galimoto ya malemu imafuna kuiuza kaye usanaigwire. Nambala ija inapita nawo limodzi.

Ulendo wachitatu ndinafika pa leveni, ndikuona kuti kamfundo katsala pang'ono kugwa, pomwepo mayi wina wogulitsa nsomba anaima pamapazi anga. "Aphunzitsi, mwadzuka? Chambo cha alendo chija ndapeza seveni, koma amayi anati thwelofu, ndiye faifi ndibweretsa mawa, kapena ndionjezere mcheni eyiti?" Ambuye wanga! Seveni, thwelofu, faifi, eyiti, zonse zinalowa m'mutu mwanga n'kukhala pamodzi ndi leveni wanga uja ngati anthu a m'minibasi, osadziwikanso kuti anayamba kukwera ndani.

Ulendo wachinayi ndinachita kutseka maso n'kumawerenga mokweza kuti odutsa aziyesa ndikupemphera. Zinatheka. Kamfundo kanagwera pachifuwa panga pa fotini. Ndinatuluka mwamsanga, n'kulemba 14 wamkulu pamchenga ndi chala, kumuzunguliza ndi mzere ngati mmene ndimachongera mayeso. Popeza nambala inali itasungika, ndinamasula nati yotsekera ija, n'kutsuka mazinga onse, timizere tija topotozerapo, ndi palafini mpaka dzimbiri lonse losonyeza malire litachoka. Ndinkafuna a Yusufu akadzaona adzadziwe kuti panadutsa munthu wophunzira.

Ndinasamukira kumanja. Ndili pansi pomwepo ndinamva tsache, shwe shwe shwe, likuzungulira galimoto. Sindinalabadire. Kenaka ndinamva mayi a Tadala akuti, "Takulandirani amayi, fikani, khalani pamthunzi pano."

Apongozi!

Mudziwa inu mwambo wathu, mkamwini sayang'anizana ndi apongozi aakazi. Mukakumana panjira wina amapatuka, ndipo mawu amadutsira mwa munthu wina. Ambiri anazisiya zimenezi, koma apongozi anga ayi, iwo amasunga mwambo wonse ndi mizu yake. Zaka zonse za ukwati wanga sindinayambe ndaonekera pamaso pawo ndilibe jekete. Lero ndituluke bwanji pansi pa galimoto, chifuwa chili pamtunda, kabudula ali ndi windo kumbuyo? Ndinaganiza zongokhala phee mpaka alowe m'nyumba.

Sanalowe. Anayala mkeka pamthunzi wa mango, mikono iwiri yokha kuchokera pamene ndinagona, n'kuyamba kusenda mtedza wa chiponde cha ukwati. Ndinakoka miyendo, koma Mulungu anandipatsa miyendo yaitali, mapazi anatsalira kunja.

Mphindi zikupita, nyerere zikundiyendera kumsana, ndinati nthawi isapite pachabe, ndimasule mwakachetechete. Koma kamfundo ka kumanjaka kanali ndi mwano, kakazungulira kamodzi kamalira kwii. Ndinkawerenga monong'ona. Wani, kwii. Thuu, kwii. Ndinafika pa seveni bwinobwino.

"Kodi amuna akowa," anatero apongozi kwa mwana wawo, "galimotoyi aikonzadi? Paja denga la khitchini anati afolera okha, mvula inatipeza tikuphika titafunda ambulera."

"Akuti anaonera pafoni, amayi."

"Ooo. Pafoni. Nanga khola la nkhuku lija analionera pati, lija nkhuku zinkatuluka koma munthu osatha kulowa?"

Anzanga, munayamba mwamvapo mbiri ya moyo wanu ikufotokozedwa inu muli chagada, osatha kuyankha? Makutu anga onse anapita pamkeka paja. Manja okha, posowa wowalamula, anapitiriza ntchito. Anapotoza, anapotoza, kamfundo kanagwa. Anamasula ndi nati yomwe, anapukuta mazinga ndi kansanza mpaka waliwali. Pamene mutu unabwerera pamalo pake, unapeza seveni ali yekhayekha ngati mwana wotayika pamsika, anzake onse osadziwika kumene alowera.

Patatha ola lathunthu apongozi ananyamuka. Anaima pang'ono, n'kunena kwa mwana wawo, "Uwauze eni mapaziwa kuti tawaona, aswere bwino."

"Zikomo kwambiri, amayi," ndinayankha kuchokera pansi pa injini, n'kuwomba m'manja mwaulemu, girisi n'kundithovokera m'maso.

Atangolowa m'nyumba ndinakwawa kuthamangira kumanzere kuti ndikatenge nambala yanga ija. Bwalo linali loyera, loseseka bwino, mizere ya tsache ili ndondondo. Fotini wanga anali atapita kudzala. Ndipo ndikuuzeni zoona, panthawiyo sindinkakumbukanso kuti anali fotini. M'mutu munkangozungulira chambo seveni ndi mcheni eyiti.

Munthu wanzeru akanatani? Akanalowa m'nyumba n'kufunsa mkazi wake. Koma ine ndikafunse munthu amene ndamuuza m'mawa womwewo kuti aone za kukhitchini? Kapena ndiwaimbire a Yusufu, ndiwauze kuti uja kuwerenga kumamudyetsa wagona ndi njala? Ayi ndithu. Ndinati masamu andipulumutsa. Kumanzere ndinaganiza kuti chomangika kwambiri ndiye cholimba, ndinapotoza mpaka mazinga kutha. Kumanja ndinatenga seveni uja, n'kuyerekeza nthawi imene apongozi anakhala akundidya miseche, n'kuchulukitsa, n'kuchotserapo nthawi ya nyerere, ndinapeza thwente-thuu. Ndinachita kusangalala ndi njira yake, moti akanakhala mwana wa sukulu ndikanamupatsa malikisi onse.

Ndikutsitsa jeke, amayi a maliboni anali ataima kale ndi madengu awo. Ndinafuna kuiyesa kaye pang'ono, koma mayi wamkulu wa gululo anati, "Ikayenda idetsedwa, bambo, isasunthe mpaka mawa." Ndinaiyang'ana kutsogolo, ndinaona ndithu kuti matayala akuoneka ngati anthu oyambana amene awakhazika pabenchi imodzi, koma ndinati ndi mchengawu, pansi m'posalingana. Posakhalitsa Mvuu inali itavala maliboni oyera, mabaluni, ndi maluwa apepala mpaka pamphuno.

Loweruka, kota pasiti eyiti, Esnati anatuluka m'nyumba atavala veyilo, wokongola moti mayi a Tadala anayamba kulira asanakwere n'komwe. Mkwatibwi ndi womuperekeza anakhala kumbuyo, mayi a Tadala pambali panga, ine mu suti yanga yakuda. M'mbuyo mwathu munali njinga zamoto za kabaza zokwana teni, kenaka lole yodzaza amayi oimba. Apongozi anakwera loleyo, poti sangakhale galimoto imodzi ndi mkamwini.

Ndinaliza injini, nthungululu zinamveka, tinanyamuka.

Mamita khumi oyamba ndinadziwa kuti zinthu sizili bwino. Ugonthi uja unali utatha, zoona, tsopano Mvuu inkamva kwambiri, koma inkamvera anthu awiri osiyana. Tayala la kumanzere likapeza pogwira, galimoto yonse imathamangira kumanzere. Ndikaibweza, la kumanja nalo limati nthawi yanga yakwana, tonse ulendo wa kumanja. Kumbuyo tinkasiya mizere iwiri yakuya ngati tikulima.

"Bambo a Tadala, mukutani?" anafunsa mayi a Tadala atagwira chitseko.

"Ndikusangalatsa anthu," ndinatero, thukuta likutsikira m'kolala.

Ndipo anthu anasangalaladi! Mudziwa mmene galimoto za ukwati zimayendera, mokhotakhota, mahutala ali pii pii. Anyamata a kabaza ataona mtsogoleri akukhota, anati aphunzitsi lero abwera ndi sitayilo. Ine kumanzere, njinga teni kumanzere. Ine kumanja, njinga teni kumanja. Ngakhale dalaivala wa lole, bambo wamkulu ndithu, anayamba kuigwedeza lole yake, amayi pamwamba akugwerana uku nyimbo ili pakamwa. Anthu m'mbali mwa msewu ankakuwa, "Aphunzitsi omwewo! Kuti wawa!" Ine ndikulimbana ndi imfa, iwo akuwomba m'manja. Ndinalowa m'munda wa chinangwa wa eni ake n'kutulukira mbali ina, njinga teni zinalowanso n'kutuluka.

Bwanji sindinaime? Funso labwino. Mayi a Tadala anandifunsanso lomwelo, mokuwa. Koma ndikaima ndinena chiyani pamaso pa lole yonse ija? Ndinati tchalitchi sichili kutali, ndipirira, ndikavulira konko.

Tinafika pamphambano. Njira ya kumanja imakwera kutchalitchi, ya kumanzere imatsetserekera kudoko. Mtanda wa padenga ndinkauona ndi maso angawa, ndi anthu ataima pakhomo. Ndinapotoza chiwongolero kumanja ndi mphamvu zanga zonse. Tayala la kumanja linavomera. La kumanzere linali litagwera kale mumkwasa wa ngolo zopita kudoko, ndipo linakana kutulukamo. Ndinati ndiike fowilo kuti ikoke mwamphamvu. Inakokadi mwamphamvu, kulowera kunyanja.

Ndipo mdipiti wonse unanditsatira. Njinga teni, lole, nyimbo, ana othamanga m'mbali, onse anasiya tchalitchi kumanja n'kutsetsereka nane, poganiza kuti tikukajambulitsa kaye zithunzi kumadzi. Ndinaponda buleki, koma pamchenga wotsetsereka Mvuu inkangoseseleka. Tinadutsa pakati pa mathandala oyanikapo usipa, limodzi tinalinyamula ndi galasi la m'mbali, usipa unagwa ngati mvula kulowera pawindo. Tinakaima matayala akutsogolo ali m'madzi, lina likuyang'ana ku Khombedza, lina ku Chipoka.

Kenaka msodzi wina amene ankasoka ukonde anadzutsa mutu n'kunena, "Musaikalipire, aphunzitsi. Mvuu yangobwerera kwawo."

Doko lonse linagwa nacho chiseko. Nanenso ndikanaseka, koma ndinamva kamawu kumbuyo kwanga. Esnati anali atakweza veyilo, usipa uwiri uli m'tsitsi, misozi ikuchotsa zodzola zonse.

"Alamu," anatero, "kodi ine ndikwatiwa lero?"

Apo nthabwala inatha. Mtima unandiwawa kwambiri, anzanga. Mwanayu ndinamuphunzitsa ndekha kulemba dzina lake, anandikhulupirira, ndipo ine chifukwa cha matama ndinali nditamuimika m'nyanja, nthawi ili faifi thu naini. Kubwerera wapansi ndi diresi loyera pamchenga wokwera uja kunali kosatheka, lole nayo inali itatitimira mpaka m'mimba, ndipo apongozi anali atatumiza kale mawu kuti mwana wawo sakalowa m'tchalitchi atakhala pakabaza ngati thumba la makala.

Pakati pa anthu panatuluka a Yusufu, akupukuta manja. Sanaseke. Bola akanaseka. Anazungulira galimoto, anayang'ana tayala ili, anayenda ulendo ndithu kukayang'ana linzake, kenaka anafika pawindo.

"Mwadzuka bwanji, aphunzitsi?"

"Tadzuka, a Yusufu."

"Alhamdulillah. Kumasula n'kumanganso sikuchedwa, zitsulo n'zatsopano. Kungoti kuyeza matayala ndi chingwe pamchenga pano kutitengera mpaka masana. Mundipatse manambala aja basi. Kumanzere munawerenga kangati?"

Doko lonse linatchera khutu. Pagulupo panali makolo a ana amene ndimawaphunzitsa, ndi ana omwe.

"Fotini," anatero mayi a Tadala, maso ali kutsogolo.

Ndinatembenuka. "Mwadziwa bwanji?"

"Si munalemba pabwalo? Ine sindisesa chinthu ndisanachione."

"Nanga bwanji osandiuza?"

"Ndinali ndikuona za kukhitchini, bambo a Tadala."

Amayi a pa lole anaimba nthungululu. A Yusufu anangogwedeza mutu. "Fotini. Nanga kumanja?"

Ine ndinayamba kufotokoza za seveni, ndi kuchulukitsa, ndi nyerere, koma mawu ankangozilala okha. Ndiye kuchokera pa lole kunamveka kutsokomola. Apongozi anali atatembenukira kumbali, monga mwa mwambo, akukodola mwana wawo ndi dzanja. Mayi a Tadala anatsika, anapita, anagwada. Tonse tinaona apongozi akumasula mfundo ya pakona ya chitenje chawo n'kukhuthulira kanthu m'manja mwa mwana wawo.

Mayi a Tadala anabwerera n'kutambasula dzanja pamaso pa a Yusufu. Munali mtedza wosenda.

"Akuti amayi," anatero mokweza kuti aliyense amve, "dzulo anamva masamu a mkamwini wawo ataima pa seveni, chitsulo chikupitirira kulira. Ndiye anawamvera chisoni n'kuwapitirizira. Chikati kwii, iwo mtedza umodzi pambali, kuphatikiza seveni woyamba uja. Akuti anadikira tsiku lonse kuti mwina eni mapazi atuma munthu kudzafunsa, koma sanatume."

A Yusufu anawerenga ndi chala chawo chakuda ndi oyilo, umodziumodzi, doko lonse likuwerenga nawo mokweza ngati kalasi yanga ya sitandade wani. Unakwana sikisitini.

"Mashallah," anatero. "Amayiwa akanakhala aamuna ndikanawalemba ntchito." Kenaka anandiyang'ana ine. "Paja safunsa anadya phula, aphunzitsi. Tatsikani, mutigwirire sipanala."

Asodzi anakankha Mvuu kuitulutsa m'madzi akuimba nyimbo yawo yokokera ukonde, ena anapita kukafukula lole. A Yusufu analowa pansi. Ndipo ndinaona chinthu chimene mzungu wa pafoni sanandiuze. Anthu ankabwera kudzawapatsa moni monga mwa masiku onse, iwo osayankha ndi pakamwa, ankangogwedeza phazi limodzi, wopereka moniyo n'kukhutira n'kumapita. Phazi, anzanga! Ine ndinali nawo awiri, aatali, ali panja tsiku lonse osagwira ntchito.

Fotini kumanzere, sikisitini kumanja. Matayala anayanjananso. Ndinayendetsa mokwera mtunda uja mowongoka ngati munthu wopita kukapepesa, njinga teni zili pambuyo mwaulemu, anyamata akudandaula kuti sitayilo yatha. Tinafika pakhomo la tchalitchi teni thu teni. Abusa anali atavala kale chipewa cha njinga yamoto, mwendo umodzi uli m'mwamba. Mkwati anali atatuluka thukuta mpaka jekete kusintha mtundu, chifukwa anaona ndi maso ake mkazi wake akudutsa pamphambano ndi gulu lonse kulowera kunyanja, ndipo wina anali atamuuza kale kuti kumadzi kuli boti likudikira.

Abusa anavula chipewa, anamuyang'ana Esnati, ananunkhiza pang'ono, n'kunena, "Tiyeni tilowe, tisanayambe kuitana amphaka." Ukwati unadalitsidwa. Esnati anaseka pomaliza, ndipo potuluka anandigwira dzanja n'kunena kuti wandikhululukira, koma mwana wake woyamba sadzaphunzira masamu kwa ine.

Lolemba m'kalasi ndinafunsa kuti seveni kuphatikiza naini ndi zingati. Kumbuyo kunamveka mawu, "Tikafunse agogo a Tadala, sala!" Sindinalange aliyense. Ndikanayambira pati?

Mtedza uja mayi a Tadala anauthira m'kabotolo n'kukamata ndi guluu kutsogolo kwa galimoto, pamene maso anga amagwera ndikangokhala pampando. Akuti ndi satifiketi ya amayi awo. Ndiye ndinalumbira pamaso pa a Yusufu ndi doko lonse, ndipo ndikubwereza pamaso panu: ine sipanala sindidzaigwiranso, olo mzungu wa pafoni adzamalize mphindi imodzi. Tsiku lina mukadzadutsa pakhomo panga n'kuona mapazi anga atatulukira pansi pa Mvuu, musadzavutike n'kufunsa chimene chawonongeka. Mudzangodziwa kuti kwabwera apongozi.